Wapolisi akaomba mfuti, zipolopolo amawerenga ndani?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu odziwa za polisi kapena malamulo. Munthu akaomberedwa ndi wapolisi, mneneri wa polisi amangoti kafukufuku ali mkati, basi nkhani n'kuzilala. Kafukufuku ameneyu amayambira pati kwenikweni? Amene waomba mfutiyo akabwerera ku siteshoni amatani, amalemba chiyani, ndipo zolembazo amaziona ndani? Ndafunsa pokumbukira 20 Julayi 2011, pamene apolisi anaombera anthu pa zionetsero.

Phiri wa ku Limbe: Mayi, inu simunaonepo mbava zamfuti zikulowa m'shopu dzuwa likuswa mtengo. Wapolisi akagwetsa chigawenga ife timagona tulo. Kafukufuku wa chiyaninso?

NyaGondwe: APhiri, amene agona ku manda a Zolozolo ku Mzuzu aja anali zigawenga?

Phiri wa ku Limbe: Tisanamizane achemwali, ena ankathyola mashopu tsiku limene lija.

NyaGondwe: Ndiye wonyamula thumba la shuga chilango chake ndi chipolopolo? Khoti lake linakhala liti?

Admin: Tiyeni pang'onopang'ono abale. Muno muli anamfedwa, mulinso amene anavalapo yunifolomu. Tiyankhe kaye funso la aNachisale.

Sajeni Wopuma: Zikomo aAdmin. Ndiyankhe monga munthu amene anagwirapo ntchitoyi mpaka kupuma. Anthu ambiri amaganiza kuti kafukufuku amayamba munthu akagwa. Ayi. Amayamba m'mawa, mfuti isanatuluke n'komwe. Mfuti si ya wapolisi, ndi ya boma, ndipo imagona mosungira zida. Ukamapita ku ntchito yofuna mfuti umaima pa khomo la chipinda chimenecho, wosunga zida n'kutsegula buku. Amalemba dzina lako, nambala yako, nambala ya mfutiyo, ndi kuchuluka kwa zipolopolo. Zipolopolozo mumawerenga awiri, chimodzichimodzi, iwe n'kusaina. Poweruka mumawerenganso. Zikapanda kukwana, suchoka usanafotokoze.

Ukaomba, ngakhale m'mwamba, umauza bwana wako nthawi yomweyo, zimalowa mu OB, buku lija limakhala pa kauntala lolembamo zonse zochitika, ndipo iwe umalemba lipoti: unali pati, nthawi yanji, unaona chiyani, unachenjeza kapena ayi, unaomba kangati. Ngati wina wavulala kapena kufa, mfutiyo siyenera kubwerera pakati pa zinzake kapena kutsukidwa. Imakhala umboni. Makoko a zipolopolo amene agwa pansi atoledwe, malowo ajambulidwe, mboni zilembedwe.

Zimenezo ndiye zofunika kuchitika. Zikachitika usiku womwewo, choona sichivuta. Zikagona, ndiye mwayamba kufufuza nkhani zokumbukira anthu, osati umboni.

Nachisale: Zikomo madala. Ndiye kuti buku limenelo likhoza kuloza munthu?

Sajeni Wopuma: Likhoza, ngati linalembedwa moona ndipo wina wakunja waliona msanga. Buku ndi pepala mayi. Wolemba ndi mnzake wa woombayo, amadyera limodzi nsima.

Chikondi wa ku Chanco: Ndiwonjezereko za malamulo, akuluakulu mundikonze. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 16, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo ndipo asalandidwe mwachisawawa. Gawo 38 limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Tsono lamulo la apolisi la 2010, gawo 44, ndi limene limanena nthawi yomwe wapolisi angagwiritse ntchito mfuti: mkaidi kapena wosungidwa pa mlandu waukulu akamathawa, munthu akamalanditsa mnzake m'manja mwa apolisi mwamphamvu, kapena akamakana kumangidwa mwamphamvu. Koma pali zotchinga. Wothawayo achenjezedwe kaye, pakhale poti palibe njira ina, ngati pali bwana pamalopo wamng'ono asaombe popanda lamulo lake, ndipo cholinga chikhale kumufooketsa munthuyo, osati kupha.

Vuto ndi loti lamulo lathuli ndi lotakasuka kuposa mfundo za United Nations zimene anagwirizana ku Havana mu 1990. Mfundo zimenezo zimati mfuti ndi ya pamene moyo wa wapolisi kapena wa munthu wina uli pachiswe nthawi yomweyo, ndipo kuombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo. Katundu sanamuike pamenepo. Pomwe lamulo lathu lomwelo, pa gawo lokamba za zionetsero, limalola mfuti ngakhale poteteza katundu wamtengo wapatali.

Phiri wa ku Limbe: Ndiye lamulo lathu lili bwino. A ku Havana sanagulepo katundu wa ngongole.

Chikondi wa ku Chanco: Kkkk amalume, ngongoleyo ndikuimva. Koma shopu imatsegulidwanso.

Sajeni Wopuma: Mwana wanga Chikondi, zoombera miyendozo zimakoma papepala. Munthu akuthamanga, iwe ukupuma befu, kukuda, mfuti yaitali ya nkhondo ili m'manja. Ukaloza mwendo chimakagwira msana, kapena kumuphonya n'kukalowa m'nyumba ya eni. Chipolopolo cha mfuti zimenezi chimaboola lata, chimaboola chitseko, n'kumapitabe. Komanso pantchafu pali mtsempha waukulu, munthu amatha magazi musanafike naye kuchipatala. Ine achinyamata ndinkawauza kuti ukakoka chala uzidziwa kuti mwina wapha. Ngati nkhaniyo si yofera munthu, chala chikhale kunja.

Za kuomba m'mwamba nazonso anthu amaziona ngati masewera. Chimene chakwera chimatsika.

NyaGondwe: Mundilole ndikambe za 2011, poti achichepere ambiri muno amangomva. Chaka chimenecho mafuta a galimoto kunalibe, anthu ankagona pa mizere. Ndalama zakunja kunalibe. Kazembe wa Britain anali atathamangitsidwa mu Epulo. Mabungwe anaitanitsa zionetsero pa 20 Julayi, anthu anavala zofiira. Usiku wa pa 19 Julayi kunatuluka chiletso cha khoti choletsa zionetserozo, ndiye m'mawa apolisi akuti bwererani, anthu akuti ayi, atsogoleri a zionetsero ali kalikiliki kukachotsetsa chiletsocho. Chipwirikiti chinayambira pamenepo. Kuno ku Mzuzu utsi wokhetsa misozi unayamba, kenako kulira kwa mfuti kunasintha, ngakhale ife osadziwa zida tinamva kuti izi ndi zina. Pofika tsiku lotsatira maliro anali ku Mzuzu, ku Karonga, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Anthu 20. Angapo a kuno anaikidwa limodzi ku manda a Zolozolo, ndipo chaka ndi chaka anthu amakasonkhanako.

Chimene chimandipweteka n'choti aliyense wa anthu amenewa anagwidwa ndi chipolopolo chochokera mu mfuti inayake, yokhala ndi nambala, imene munthu wina anasainira m'mawa umenewo, monga afotokozera madalawa. Si mphezi.

Chikondi wa ku Chanco: Kafukufuku analipo anti. Bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC linafufuza. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakhazikitsanso komiti yofufuza motsogozedwa ndi Apostle Timothy Khoviwa, koma lipoti lake linaperekedwa mu 2012 kwa mayi Joyce Banda, a Bingu atamwalira kale mu Epulo chaka chimenecho. Linapeza kuti apolisi anagwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso, kuomba zipolopolo zenizeni pa anthu, ndipo linati olakwawo afufuzidwe ndi kuzengedwa milandu.

NyaGondwe: Eya, komiti inanena kuti "apolisi". Apolisi alipo masauzande. Mayi wofedwa amafuna kumva kuti ndani.

Sajeni Wopuma: Pamenepo ndiye pagona nkhani. Komiti yokhala patapita miyezi imatha kukuuzani kuti zinthu zinalakwika, kuti anthu sanaphunzitsidwe mokwanira, kuti zida zobalalitsira anthu zinali zochepa. Koma yoloza munthu ndi ntchito ya maola oyamba. Ndipo tsiku la chipwirikiti ndi limene buku limavuta kwambiri. Ndinazionapo pa ntchito zina: belu lalira, anthu akuthamangira zida, ena abwera pa lole kuchokera kwina, mfuti yasainidwa ndi uyu koma masana ili m'manja mwa uyo. Madzulo aliyense watopa, bwana akufuna anthu abwerere pamsewu. Wowerenga palibe. Patapita sabata mukafunsa, aliyense anaomba m'mwamba.

Mai a Upile: "Aliyense anaomba m'mwamba." Eish.

Anamwino Nabanda: Ndilankhuleko za mbali yathu ya kuchipatala. Thupi silinama. Polowera chipolopolo nthawi zambiri pamakhala kabowo kakang'ono, kozungulira, potulukira n'kukhala bala lalikulu long'ambika. Ndiye munthu akanenedwa kuti ankalimbana ndi apolisi koma kabowo kali kumsana, dokotala amaona. Mfuti ikaombedwa pafupi kwambiri pamatsalanso zizindikiro za wonga pakhungu kapena pa malaya. Chipolopolo chikatsalira m'thupi n'kuchotsedwa, chiyenera kuikidwa m'kabotolo kolembedwa dzina ndi tsiku, ndipo wochilandira asaine, chifukwa akatswiri akhoza kuchifananiza ndi mpope wa mfuti imene chinatulukamo.

Koma abale, ife tomwe timataya umboni. Maliro akachitika achibale amafuna kunyamula thupi tsiku lomwelo. Akumudzi akudikira, chakudya cha pasiwa chikutha, ena chipembedzo chawo chimafuna kuika msanga, enanso safuna kuti m'bale wawo ang'ambidwe. Ndimawamvetsa. Koma mukakana kuti thupi lipimidwe, mlandu mwaukwirira limodzi. Malaya a magazi aja anthu amawachapa kapena kuwatentha. Musatero. Aumitseni, muwasunge m'pepala, osati m'jumbo.

Nachisale: Ili ndiye phunziro. Za jumbozo bwanji?

Anamwino Nabanda: M'jumbo chinyontho sichituluka, zimachita nkhungu n'kuonongeka.

Bambo a Tadala (Joni): Moni nonse kuchokera kuno ku Johannesburg. Kuno kuli bungwe lofufuza apolisi lotchedwa IPID, loima palokha, losakhala pansi pa mkulu wa polisi. Lamulo lake limakakamiza apolisi kulidziwitsa nthawi yomweyo munthu akafa chifukwa cha zochita zawo kapena ali m'chitokosi, ndipo lipoti lolemba lifike pasanathe maola 24. Kubisa ndi mlandu pawokha. Ofufuza awo amabwera pamalopo n'kutenga mfuti.

Koma musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi wa Lonmin ku Marikana. Theka la iwo anaomberedwa makamera a atolankhani akujambula, theka lina pa kaphiri kena chapatali, kumene kunalibe makamerawo. Komiti ya jaji Ian Farlam inakhala zaka, lipoti n'kutuluka mu 2015. Kumeneko kunaonetsedwa zithunzi za mitembo yomweyo, china chojambulidwa kukuwala popanda chida pambali, china chojambulidwa pambuyo pake chida chili pompo. Mkulu wa polisi Riah Phiyega anaimitsidwa ntchito. Koma zaka zoposa khumi zinadutsa popanda wapolisi wopezeka wolakwa pa imfa za anthu 34 amenewo. Ndiye bungwe lilipo, lamulo lilipo, makamera analipo.

Phiri wa ku Limbe: Mwaona? Ngakhale olemera zikuwakanika.

Bambo a Tadala (Joni): Sindinanene choncho achimwene. Zithunzi zija zinatuluka chifukwa panali wina wokakamiza kuti zituluke. Kukanakhala kopanda zimenezo bwenzi mpaka lero tikumva kuti onse anafa akuthamangira apolisi ndi zikwanje.

Mai a Upile: Kuno ku England apolisi ambiri sanyamula mfuti n'komwe, pali gulu lapadera lophunzitsidwa. Wina akaomberedwa nkhani imapita ku bungwe lofufuza apolisi la IOPC, ndipo apolisi amene analipo saloledwa kupangana zokanena asanalembe zimene aliyense waona. Mu Seputembala 2022 wapolisi anaombera Chris Kaba ku Streatham Hill mu London, chipolopolo chimodzi kudzera pa galasi la kutsogolo la galimoto. Kaba analibe mfuti, koma galimotoyo inali yofunidwa pa nkhani ya mfuti, ndipo ankayesa kudzipatulira njira pakati pa magalimoto a polisi amene anamutsekereza. Patatha chaka wapolisiyo anaimbidwa mlandu wakupha, anzake ambiri n'kubweza ziphaso zawo zonyamulira mfuti pokwiya. Mu Okutobala 2024 khoti linamupeza wosalakwa. Achibale analira, anthu anachita zionetsero, enanso ankati sankayenera n'komwe kuzengedwa. Koma kanema wa kamera ya pachifuwa anaonetsedwa, aliyense anadzionera masekondi amenewo. Anthu amakangana pa chinthu chimene achiona, osati mphekesera.

Sajeni Wopuma: Mayi, nkhani yanuyo ikuonetsa chimene anzanga a yunifolomu safuna kumva: kafukufuku woona amatetezanso wapolisi. Ngati unaomba chifukwa munthu anakulozetsa mfuti, buku, makoko ndi dokotala zidzakuikira kumbuyo. Popanda zimenezo, iwe ndi uja anaombera mwana mumaoneka amodzi pamaso pa anthu.

Phiri wa ku Limbe: Chabwino, koma nanenso ndifunse. Mu Okutobala 2019 ku Msundwe anthu anagenda Superintendent Usumani Imedi mpaka kumupha ali pa ntchito. Amenewo analibe ana? Akanaomba mfuti bwenzi inu nomwe muno mukuti apolisi ndi akupha. Mukufuna azidikira mwala?

NyaGondwe: Imfa imeneyo inali yoipa aPhiri, palibe akuikira kumbuyo. Koma kumbukiraninso zimene zinatsatira ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. Khoti lalikulu mu 2020 linalamula boma kupereka chipukutamisozi kwa amayi 18 amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi.

Chikondi wa ku Chanco: Funso la amalume ndi labwino, ndipo yankho lake ndi loti ayi, sayenera kudikira. Munthu wozingidwa ndi gulu lomugenda kuti afe, moyo wake uli pachiswe nthawi yomweyo. Ngakhale mfundo za ku Havana zija zimamulola kudziteteza. Chimene sizilola ndi kuombera gulu lonse mwachimbulimbuli, kapena kubwerera mawa lake kukabwezera. Kusiyanitsa ziwirizi ndiye ntchito ya kafukufuku. Safunsa kuti womwalirayo anali munthu wabwino kapena woipa. Amafunsa kuti pa sekondi imene chala chinakoka, woombayo ankaona chiyani, ndipo panali njira ina kapena ayi. Amafunsanso amene anamutuma: bwanji munatumiza anthu ochepa chonchi, ndi zida zanji, lamulo linachokera kwa ndani? Mfundo zomwezo zimati bwana amene ankadziwa koma osaletsa nayenso ayankhe, ndipo wamng'ono sangabisale ponena kuti ndinalamulidwa ngati lamulolo linali loipa poyera ndipo akanatha kukana.

Phiri wa ku Limbe: Kukana lamulo la bwana? Funsani madalawo ngati zimatheka.

Sajeni Wopuma: Zimavuta, sindikunamizani. Umaganiza za nyumba ya ku laini, za ana a sukulu, za transifa yopita kumalire. N'chifukwa chake wofufuza asakhale wa m'nyumba momwemo. Chala sichiloza mwini.

Nachisale: Nanga kwathu kuno wakunjayo alipo?

Chikondi wa ku Chanco: Alipo anti, Independent Complaints Commission, ICC. Lamulo la 2010 lomwe lija ndi limene linaikhazikitsa, kuti izifufuza imfa kapena kuvulala kochitika chifukwa cha apolisi kapena m'chitokosi, komanso madandaulo a anthu. Koma inakhala papepala zaka pafupifupi khumi osayamba ntchito, mpaka pamene a Christopher Tukula anasankhidwa kukhala komishonala woyamba. Ndiye ganizirani: pa 20 Julayi 2011 lamulo lokhazikitsa bungwe lofufuza zinthu ngati zimenezi linalipo kale, koma ofesi kunalibe. Ndipo mavutowa sanayambe 2011. Fanikiso Phiri, wophunzira wa ku Chancellor College, anaomberedwa pa zionetsero ku Zomba mu 2001. Kamtsikana Epiphania Bonjesi kanaomberedwa ku Chilobwe mu 2004 pa chipwirikiti cha pambuyo pa chisankho.

ICC ikamaliza kufufuza, ozenga mlandu wakupha ndi a ofesi ya DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma. Palinso njira ya majisitireti kufufuza chimene chinapha munthu, imene anthu ambiri saidziwa.

Bambo a Tadala (Joni): Funso langa ndi loti munthu akaomberedwa ku Chitipa kapena ku Nsanje 10 koloko usiku, wa ICC afika liti? Akamafika mfuti yatsukidwa, makoko atola ana, maliro aikidwa.

Sajeni Wopuma: Ndiye ine ndikanakhala wolamula ndikanayambira pa zotchipa. Mfuti ikangolira, buku la zida ndi tsamba la OB zijambulidwe pa foni n'kutumizidwa kunja kwa siteshoniyo ola lomwelo. Mfutiyo imatidwe, asainire anthu awiri. Amene analipo akhale motalikirana polemba malipoti. Zimenezi sizilira galimoto kapena alawansi. Makamera a pachifuwa adzabwera pambuyo.

Mlongo wa Yamikani: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhule. Mchimwene wanga anaomberedwa pantchafu pa msika wina, apolisi akuthamangitsa munthu wina. Iye ankangokweza matumba pa njinga. Anachira koma amatsimphina, kabaza anasiya. Tinayenda ku polisi ya kumeneko mpaka kutopa. Lero bwana kulibe, mawa fayilo ili kulikulu, kenako anatiuza kuti mwini nkhaniyo anasamutsidwa. Mpaka pano dzina lake sitilidziwa. Mchimwene wangayo safuna n'komwe kuti munthu amangidwe, amangofuna wina avomere kuti chinachitika.

NyaGondwe: Pepani kwambiri achemwali.

Phiri wa ku Limbe: Iyi ndiye ayi. Wa kabaza analakwanji? Pepani mlongo.

Chikondi wa ku Chanco: Pepani asisi. Transifa si chilango, ndipo siitseka nkhani. Kadandauleni ku ICC, mukhozanso kupita ku MHRC. Pa za chipukutamisozi amasumiridwa ndi boma kudzera kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, ndiye ngakhale dzina la woombayo musalidziwe mlandu ukhoza kuyenda, bola muonetse kuti chipolopolo chinali cha apolisi ali pa ntchito. Ngati ndalama ya loya palibe, yambirani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Koma musachedwe, milandu yotere ili ndi nthawi yoikika, ikadutsa khoti limakana kumva.

Mai a Upile: Ndipo ndalama imeneyo imachokera ku misonkho yathu, woombayo thumba lake osakhudzidwa.

Chikondi wa ku Chanco: N'zoona anti, n'chifukwa chake ziwirizi ziyende limodzi, kusuma ndi kudandaula ku ICC.

Anamwino Nabanda: Buku la kuchipatala la achimwene anuwo lilipo? Ngati anajambulidwa X-ray, chithunzicho musataye. Ndipo funsani ngati chipolopolo chinachotsedwa, analandira ndani.

Mlongo wa Yamikani: Bukulo lilipo, amayi anasunga. Chipolopolo chinatulukira mbali ina. Panalinso amayi awiri ogulitsa tomato amene anaona zonse, mmodzi akadali pamsika pomwepo.

Sajeni Wopuma: Ameneyo mukamupeze sabata ino, mulembe zimene akukumbukira, tsiku ndi nthawi yake, asaine kapena adinde chala. Ndipo polemba dandaulo lanu musapemphe dzina la munthu, adzakuzungulitsaninso. Pemphani kuti ofufuza akaone OB ya tsiku limenelo ndi buku la zida, amene anatenga mfuti m'mawa ndi zipolopolo zimene anabweza madzulo. Munthu amasamutsidwa, koma mabuku amatsala pa siteshoni pomwepo.

Mlongo wa Yamikani: Zikomo madala. Chikondi, ndikulembera kumbali undithandize kalembedwe ka kalatayo.

Chikondi wa ku Chanco: Lembani asisi, ndikatuluka m'kalasi 4 koloko ndiyankha.